Zida za m'labotale zikuulula mmene nsomba zimakhalirana

Akatswiri a za sayansi amene amafufuza za moyo wa nsomba akhala akugwiritsa ntchito zida zosiyanasiyana za m'labotale pofuna kudziwa mmene nsomba zimazindikirana, mmene zimasankhirana pa nthawi yoswana, mmene zimalimbirana malo komanso mmene zimayendera pa gulu.

Zina mwa nsomba zimene zimaikidwa m'zida zimenezi m'mayunivesite a ku Ulaya ndi ku America ndi zochokera m'nyanja zikuluzikulu za mu Africa, ndipo mbuna ndi utaka za m'nyanja ya Malawi zili m'gulu la nsomba zimene zafufuzidwa kwambiri.

Malingana ndi akatswiriwa, nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yapakati pa 800 ndi 1,000. Yambiri mwa mitunduyi ndi ya banja limodzi lotchedwa cichlid, lomwe muli chambo, mbuna, utaka, kambuzi ndi mcheni, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi.

Funso limene lakhala likuzunguza mitu ya ofufuza ndi lakuti: kodi nsomba zapachibale chotere, zokhala m'madzi amodzi ndi kudya zakudya zofanana, zimatha bwanji kukhala mitundu yosiyana popanda kusakanikirana?

Yankho lake lagona pa makhalidwe a nsombazo, makamaka pa zizindikiro zimene zimapatsana. M'nyanja zizindikirozi zimabwera pamodzi, moti munthu sangadziwe ngati nsomba yaikazi yakopeka ndi maonekedwe, fungo, phokoso kapena chisa cha yaimuna. Ntchito ya zida za m'labotale ndi kuchotsa chizindikiro chimodzi pa nthawi, n'kuona chimene chasintha.

Thanki ndi madzi ake

Chida choyamba ndi thanki yagalasi. Nsomba imene ili m'madzi ozizira, akuda kapena operewera mpweya imasiya makhalidwe ake a masiku onse, choncho ofufuza amayesetsa kuti madzi a m'thanki afanane ndi a kumene nsombayo inachokera.

Kwa nsomba za m'nyanja ya Malawi, madzi amatenthetsedwa ndi kachipangizo kamagetsi kufika madigiri apakati pa 25 ndi 27. Pampu imalowetsa mpweya usana ndi usiku, sefa imachotsa zonyansa, ndipo magetsi amayaka maola 12 n'kuzima maola 12 potsanzira kutuluka ndi kulowa kwa dzuwa m'maiko otentha.

Zoikamo zimatengera mtundu wa nsomba. Mbuna, zomwe zimakhala m'miyala, zimapatsidwa miyala, zidutswa za mapaipi kapena miphika yadothi kuti yaimuna ipeze malo oteteza. Nsomba za mumchenga zimapatsidwa mchenga wokwanira kukumba.

M'mbali mwa thanki mumatchingidwa ndi pepala kapena nsalu kuti nsomba zisaone munthu, popeza zikazolowera zimathamangira kwa aliyense poganiza kuti wabweretsa chakudya. Nsomba iliyonse imathanso kuikidwa kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga pansi pa khungu, komwe kamakhala ndi nambala yake yoizindikirira.

M'maiko amene kafukufukuyu amachitika kwambiri muli malamulo oteteza nyama zoyesedwa. Nsomba imagonetsedwa ndi mankhwala isanaikidwe kachipangizo kapena kudulidwa kachidutswa ka chipsepse, ndipo ndewu ya nsomba ziwiri imaletsedwa ina isanavulale.

Zotchinga zoyezera kusankhana

Chida chimene chathandiza kwambiri pa kafukufuku wa mbuna ndi chosavuta kupanga. Thanki yaitali imagawidwa m'zipinda pogwiritsa ntchito zotchinga zapulasitiki zokhala ndi mipata ngati sefa.

Mipatayo imapimidwa mwakuti nsomba yaikazi, yomwe imakhala yocheperako, itha kudutsa, koma yaimuna singathe. M'chipinda chilichonse mumaikidwa yaimuna imodzi ndi phanga lake, ndipo zazikazi zimayenda momasuka kuyendera zipinda zonse. Mwa njira imeneyi zazimuna sizimenyana, ndipo chisankho chimatsala m'manja mwa yaikazi.

Mbuna yaikazi ikaikira mazira imawatola ndi kuwafungatira m'kamwa kwa milungu pafupifupi itatu. Ofufuza amaitenga, n'kuchotsa anawo mosamala, kenaka n'kuyeza DNA yawo kuti adziwe yaimuna imene inabereka. Apa umboni sudalira maso a munthu woonerera.

Njira imeneyi inagwiritsidwa ntchito kwambiri ku Britain ndi gulu la George Turner, katswiri amene anagwirapo ntchito ya kafukufuku wa chambo m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

M'chaka cha 2004, Turner ndi mnzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa mbuna za mtundu wa Pseudotropheus zebra zochokera m'madera osiyana a nyanjayi. Iwo anapeza kuti zazikazi zinkakonda kuswana ndi zazimuna za kwawo, ndipo zinkasokonezeka makamaka pamene zazimuna za madera awiri zinali zofanana maonekedwe.

Chaka chotsatira, mu 2005, ofufuza a gulu lomweli anasintha chinthu chimodzi. M'malo mwa chotchinga chamipata anaika chotchinga choonekera koma chosadutsa madzi, kuti yaikazi izitha kuona yaimuna popanda kumva fungo lake.

Zazikazi za mtundu wa Pseudotropheus emmiltos, zomwe zinkasankha bwino zazimuna za mtundu wawo pamene madzi ankadutsa, zinalephera kusiyanitsa fungo litatsekedwa. Izi zinasonyeza kuti kwa mitundu ina maso okha sakwanira.

Nyali zobisa maonekedwe

Pofuna kudziwa mphamvu ya maonekedwe, ofufuza amasintha kuwala kwa m'thanki. Nyali ikaphimbidwa ndi sefa yotulutsa kuwala kwa mtundu umodzi, nsomba yofiira ndi yobiriwira zimaoneka ngati zofanana.

Kafukufuku wodziwika pa njira imeneyi anachitika pa yunivesite ya Leiden m'dziko la Netherlands, ndipo nsomba zake zinali za m'nyanja ya Victoria, yomwe ili pakati pa maiko a Tanzania, Uganda ndi Kenya.

Mu 1998, Ole Seehausen ndi Jacques van Alphen anaonetsa kuti pa kuwala kwa masiku onse, zazikazi za mitundu iwiri yapachibale zinkasankha zazimuna za mtundu wawo, wina wofiira ndi wina wabuluu. Kuwala kutasinthidwa kuti kusiyanako kubisike, kusankha motsata mtundu kunatha.

Zotsatirazi zinagwirizana ndi zimene akatswiri omwewa, pamodzi ndi Frans Witte, anafalitsa mu 1997 atayendera madera osiyanasiyana a nyanja ya Victoria. Kumene madzi anali atada, kunkapezeka mitundu yochepa ya nsombazi ndipo maonekedwe ake anali ozilala, pamene kumadzi oyera mitundu inali yambiri ndi yowala.

Zida zomvera ndi zoonera fungo

Anthu ambiri amaganiza kuti nsomba sizilira, koma maikolofoni yapadera yogwira ntchito pansi pa madzi yatsutsa maganizo amenewa. Chidachi chimalendewera m'thanki pafupi ndi malo a yaimuna, ndipo pampu imayamba yazimitsidwa kuti phokoso lake lisasokoneze.

Yaimuna ikamafunsira imanjenjemeretsa thupi pamaso pa yaikazi, ndipo pa nthawi yomweyo imatulutsa kaphokoso kapansipansi kogunda motsatizana. Kompyuta imajambula kaphokosoko n'kuwerenga kugunda kwake ndi kutalika kwake.

Katswiri wa ku America, Phillip Lobel, anafalitsa mu 1998 phokoso limene anajambula m'nyanja ya Malawi momwemo. Mu 2004, katswiri wa ku Portugal, Clara Amorim, ndi anzake anaonetsa m'labotale kuti mitundu yapachibale ya mbuna imasiyana kaliridwe pofunsira.

Fungo nalo lili ndi njira yake yolionera. Nsomba zina za banja limeneli zimatumiza uthenga kudzera mu mkodzo, womwe suoneka m'madzi. Ofufuza amabaya nsomba utoto wosavulaza umene umatulukira mu mkodzo, moti kamera imatha kuwerenga kuti nsombayo yakodza kangati.

Pa yunivesite ya Stanford ku America, Karen Maruska ndi Russell Fernald anagwiritsa ntchito njirayi pa nsomba ya m'nyanja ya Tanganyika yotchedwa Astatotilapia burtoni. Mu 2012 iwo anafalitsa kuti yaimuna yolamulira malo inkakodza pafupipafupi ikaona yaikazi yokhala ndi mazira komanso ikakumana ndi yaimuna inzake.

Kalilole ndi galasi loonekera mbali imodzi

Pa nkhani ya ndewu ndi ulamuliro, chida chakale kwambiri ndi kalilole. Nsomba yaimuna ikaona chithunzi chake imachiyesa mdani, n'kuyamba kutambasula zipsepse ndi kuluma galasi. Wofufuza amawerenga kulumako kuti ayeze ukali wa nsombayo popanda ina kuvulala.

Koma kafukufuku waonetsa kuti kalilole ayenera kugwiritsidwa ntchito mosamala, chifukwa mdani wa m'kalilole sathawa ndipo sapambana.

Rui Oliveira wa ku Lisbon m'dziko la Portugal anayesa izi pa nsomba ya Oreochromis mossambicus, yomwe kuno imapezeka m'chigwa cha Shire ndipo imadziwika kuti makakana. Mu 2005 iye ndi anzake anapeza kuti nsomba zomenyana ndi kalilole zinkalusa kwambiri, komabe mahomoni aumuna m'thupi mwake sanakwere monga amachitira pa ndewu yeniyeni.

Chida china ndi galasi loonekera mbali imodzi, lomwe limalola nsomba imodzi kuonerera zinzake popanda izo kuiona. Mu 2001, gulu la Oliveira linaika yaimuna kuseri kwa galasi lotere kuti ionerere zazimuna ziwiri zikumenyana. Atayeza mkodzo wake anapeza kuti mahomoni ake anakwera, ngakhale kuti iyo sinamenye nawo.

Ofufuza a ku Stanford anapitiriza nkhaniyi ndi thanki yokhala ndi chipinda chapakati chozunguliridwa ndi zipinda zina. Pakatipo anaika nsomba yoonerera, ndipo m'mbali anaika zazimuna zisanu.

Ndewu zinakonzedwa mwakuti yoyamba igonjetse yachiwiri, yachiwiri igonjetse yachitatu, mpaka kufika pa yachisanu. Kenaka yoonererayo inaikidwa pakati pa yachiwiri ndi yachinayi, zomwe inali isanazionepo zikumenyana, ndipo iliyonse inali itapambanapo komanso kugonjapo.

Malingana ndi zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2007, yoonererayo inkasendera kufupi ndi yachinayi, yomwe inali yofookerapo. Izi zikutanthauza kuti nsomba imatha kusanja zinzake motsata mphamvu pongoonerera chabe.

Zidole zotsanzira nsomba

Njira ina yochotsera zizindikiro ndi kugwiritsa ntchito chidole m'malo mwa nsomba yamoyo. Katswiri wa ku Netherlands, Niko Tinbergen, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1973, anatchuka ndi zidole zimene ankaonetsa kansomba ka ku Ulaya kotchedwa stickleback.

Iye anaona kuti yaimuna inkalimbana ndi chidole chosaumbidwa bwino malinga chili chofiira kumimba, kusiyana ndi chidole chofanana kwambiri ndi nsomba koma chopanda kufiirako.

Masiku ano zidole zimayendetsedwa ndi makina. Mu 2010, ofufuza a pa yunivesite ya Leeds ku Britain anaonetsa chidole choyenda ndi maginito oikidwa pansi pa thanki ndi kulamulidwa ndi kompyuta. Nsomba zamoyo zinkachitsata potuluka pobisala ndi pokhota, zomwe zinathandiza kufufuza mmene gulu limapezera mtsogoleri.

Kamera ndi kompyuta

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kwa zaka zambiri wofufuza ankakhala pa mpando ndi wotchi ndi kope, kulemba chilichonse chimene nsomba yachita. Ntchitoyi inali yotopetsa ndipo munthu sankatha kutsata nsomba zambiri nthawi imodzi.

Tsopano kamera imaikidwa pamwamba pa thanki yosaya, ndipo pulogalamu ya kompyuta imatsata nsomba iliyonse. Pulogalamu ya idTracker, imene inatulutsidwa mu 2014 ndi gulu la Gonzalo de Polavieja, imazindikira nsomba iliyonse ngakhale zitadutsana. Ina yotsatira, ya mu 2019, imatha kutsata nsomba zofika 100.

Luso lotere lafika pa nsomba za mumchenga za m'nyanja ya Malawi. Zazimuna za mitundu yambiri zimamanga zisa zokopera zazikazi potapa mchenga ndi pakamwa n'kukaulavula pena. Mitundu ina imakumba dzenje, ina imaunjika kachulu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kamangidwe kake.

Pa sukulu ya ukachenjede ya Georgia Institute of Technology mumzinda wa Atlanta ku America, magulu a Todd Streelman ndi Patrick McGrath anaika thireyi ya mchenga m'thanki, ndipo pamwamba pake anaika chipangizo cha Kinect, chomwe kampani ya Microsoft inapangira masewero a pa kanema.

Chipangizochi chimayeza kukwera ndi kutsika kwa mchenga, pamene kamera yolumikizidwa ku kakompyuta kotchipa ka Raspberry Pi imajambula nsomba kwa masiku angapo. Malingana ndi zimene anafalitsa mu 2020, kompyuta inaphunzitsidwa kusiyanitsa nsomba imene ikutapa mchenga pomanga ndi imene ikutapa pofuna chakudya.

Imodzi mwa nsomba zofufuzidwazo ndi Mchenga conophoros, yomwe dzina lake la sayansi linatengedwa ku liwu la Chichewa lakuti mchenga, ndipo imamanga kachulu. Ina ndi Copadichromis virginalis ya m'gulu la utaka, yomwe imakumba dzenje.

Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2018 anaonetsa kuti mitundu iwiriyi ikakwatitsidwa m'labotale, ana aamuna amayamba akumba dzenje, kenaka n'kumanga kachulu. Umenewu ndi umboni wakuti kamangidwe ka chisa nsomba imabadwa nako.

Thanki si nyanja

Akatswiri amavomereza kuti zimene zaoneka m'thanki ziyenera kutsimikizidwa m'nyanja. Thanki ilibe mafunde a mwera, ilibe ng'ona kapena mphamba, ndipo nsomba yogonja ilibe kothawira.

N'chifukwa chake ntchito ya m'labotale imayendera limodzi ndi ya akatswiri omira pansi pa madzi ndi mabotolo a mpweya. Geoffrey Fryer anafufuza za nsomba za m'miyala ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, ndipo Kenneth McKaye anagwira ntchito zaka zambiri ku Cape Maclear m'boma la Mangochi.

Mu 1983, McKaye anafotokoza za bwalo loswanirana lotalika makilomita 4 m'dera la Cape Maclear, pomwe nthawi zina pankasonkhana zazimuna zofika 50,000, iliyonse ndi chisa chake. Mu 1990 iye ndi anzake anaonetsa kuti zazikazi zinkakonda zazimuna za zisa zazitali.

Dera limeneli lili mbali ya malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, omwe anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984.

Phindu lake kwa Amalawi

Zimene zida zimenezi zaulula zikukhudza mwachindunji ntchito yosamala nsomba m'dziko muno, kumene nsomba ndi ndiwo yodalirika komanso gwero la ndalama kwa mabanja ambiri a m'mphepete mwa nyanja.

Choyamba ndi kuyera kwa madzi. Ngati nsomba zimazindikirana ndi maso, matope amene mitsinje monga Linthipe, Bua ndi Dwangwa imatsitsira m'nyanja chifukwa cha kudula mitengo ndi kulima m'mphepete mwa mitsinje angathe kuchita zimene nyali ya ku Leiden inachita m'thanki. Zimene zinaoneka ku nyanja ya Victoria zikukumbutsa mawu akuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chachiwiri ndi malo oswanirana. Khoka likakokedwa pansi pa mchenga limagwira nsomba zimene zasonkhana kudzaswana, limafafaniza zisa zimene zazimuna zamanga kwa masiku ambiri, ndipo yaikazi yofungatira ikagwidwa, ana onse a m'kamwa mwake amafera limodzi nayo.

Chambo nacho chimamanga zisa pansi pa nyanja ndi kufungatira ana m'kamwa. Mu 2018, bungwe loona za zachilengedwe pa dziko lonse la IUCN linalengeza kuti mitundu itatu ya chambo ili pa chiopsezo chachikulu cha kutheratu, ndipo mwa mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi imene inaunikidwa, 9 pa 100 iliyonse inali pa chiopsezo.

Apa ndi pamene pagona tanthauzo la lamulo lotseka nyanja kumapeto kwa chaka, komanso mwambo wa pa chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, pomwe mafumu ndi asodzi amaimitsa usodzi m'nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane.

Chachitatu ndi ulimi wa nsomba. Mlimi amene akudziwa kuti zazimuna zimalimbirana malo, ndipo yogonja imasiya kudya bwino ndi kuswana, amatha kulinganiza chiwerengero cha zazimuna ndi zazikazi m'damu loswetsera. Amadziwanso kuopsa kosakaniza mitundu yapachibale kapena kubweretsa nsomba zachilendo zimene zingaswane ndi za m'nyanja.

Dziko lino lili ndi malo ophunzitsa ndi kufufuza za nsomba monga likulu la kafukufuku wa nsomba ku Monkey Bay, malo a ulimi wa nsomba ku Domasi m'boma la Zomba, sukulu ya za usodzi ku Mpwepwe, yunivesite ya LUANAR ku Bunda ndi yunivesite ya Mzuzu.

Zambiri mwa zida zimene zafotokozedwazi, monga thanki, zotchinga zapulasitiki, kalilole, mchenga ndi kamera, sizifuna ndalama zochuluka. Zofunika kwambiri ndi magetsi osadukaduka, madzi abwino ndi anthu ophunzira bwino kafunsidwe ka mafunso a sayansi.

Nsomba zimene mayunivesite akunja amazisunga m'mathanki otenthetsedwa ndi magetsi, kuno zili m'madzi awo enieni, ndipo ophunzira a m'dziko muno ali ndi mwayi woyesa m'labotale ndi kukatsimikiza m'nyanja tsiku lomwelo.